Mmene Ndinalolera Seva Yathu Kuchoka ku Dowa

Tadala ndi Mphatso, ana anga, muli aang'ono munkavutika aphunzitsi akakufunsani ntchito ya bambo anu. Anzanu ankayankha mosavuta: mlimi, dalaivala, wapolisi. Inu munkati, "Amalera makompyuta." Simunaname. Popeza tsopano ndapuma ndipo maso akadaona, ndati ndilembe za ntchitoyo, za anthu amene ndinagwira nawo, ndi za chinthu chimodzi chimene ndinasankha mtima ukuwawa.

Chisepo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa kachipatala kena kufupi ndi Chisepo. Kanali kamodzi mwa zipatala zing'onozing'ono zimene bungwe lathu linkathandiza m'maboma a Dowa ndi Ntchisi. Ndinkalemba maina a odwala pa makadi n'kumawasanja m'makatoni. Chilimwe makadiwo ankadyedwa ndi chiswe, dzinja ankachita chuku. Bwana wanga anali a Kamanga, mkulu wa kachipatalako, munthu wamtali, wosaseka wamba, koma wosanyoza wodwala ngakhale abwere ndi nsanza. Kompyuta yoyamba itafika, tonse tinaiopa. Inakhala pa tebulo masiku angapo itafunditsidwa chitenje ngati mkwatibwi. Tsiku lina a Kamanga anandiitana.

"A Chimphonda, inu zala zanu n'zopepuka. Vundukulani chinthuchi, muchiphunzire."

"Nanga ndikachiwononga, bwana?"

"Mmene chikungokhaliramu n'chowonongeka kale," anatero, n'kubwerera kwa odwala awo.

Ndinachiphunzira, ndipo patapita zaka chipatala chilichonse chinali ndi kompyuta yake. Bungwe linanditumiza ku kosi ku Lilongwe, n'kundipatsa njinga yamoto. Kuyambira pamenepo moyo wanga unali wa m'mapiri: lero Chisepo, mawa Chezi, mkuja Malomo, chikwama cha masikuludiraiva kumsana. Makompyutawo ankafa ndi fumbi la malole a fodya, ndi mphenzi, ndi mavairasi obwera m'mafulashi a nyimbo. Ikafa imodzi, mbiri za odwala a dera lonselo zinkapita nayo. Komanso makompyutawo sankadziwana. Munthu wolandira mankhwala ku Chisepo akasamukira ku Malomo kukalima fodya kwa eni minda, kumeneko ankafika ngati mlendo, n'kuyambanso kufotokoza matenda ake pachiyambi. Ambiri ankachita manyazi, n'kungosiya mankhwala.

Dowa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010

Anandisamutsira ku ofesi yathu yaikulu pa boma la Dowa. Kumeneko n'kumene kunabwera bwana amene ndimamutchula mpaka lero, Mayi Halima Saidi, injiniya wa makompyuta. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wa mpango kumutu ndi mawu otsika. Nditamva dzina la bambo ake ndinadabwa, chifukwa anali a Saidi omwewo a sitolo ya pa Malomo, kumene ndinkagula mapulagi a njinga yanga. Mayi Halima sanayambe ndi kulamula. Anandipempha kuti ndimuperekeze zipatala zonse, ndipo paliponse ankakhala pa benchi ya odwala, kuyang'ana mmene manesi akuvutikira. Titabwerako anati, "A Chimphonda, mwakhala mukuthamangira moto ndi kapu ya madzi. Tiyeni tiike mbiri zonse m'nkhokwe imodzi, zipatala zizitapa kumeneko."

Nkhokwe imeneyi pa ntchito timaitcha detabesi, ndipo imafuna kompyuta yamphamvu yotumikira anzake, yotchedwa seva. Imene Mayi Halima anapempha kwa otithandiza inabwera pa lole, m'mabokosi a matabwa. Chinali chikabati chachitsulo chokhala ndi mipata yoimirira, ndipo mumpata uliwonse munkalowa kompyuta yopyapyala, yathunthu payokha. Magetsi, mafani ndi mawaya a netiweki zinali za chikabaticho, makompyutawo ankangogawana. Dzina lake ankati bleidi seva. A Mbewe, mnzanga woona za magetsi ndi jenereta, atamva dzinalo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mwati buledi? Ndi zoona, taonani mmene amudulira masilaisi!"

Kuyambira tsiku lomwelo ofesi yonse inkati buledi, ngakhale akuluakulu pa misonkhano.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti mkati mwa bleidi imodzi ankati mukhala makompyuta angapo osaoneka ndi maso, iliyonse yogwira ntchito yakeyake. Ndinamuuza Mayi Halima kuti izi sizikundilowa. Sanandiseke. "Nyumba ya bambo anga pa Malomo mukuidziwa," anatero. "Denga ndi limodzi, mita ya magetsi ndi imodzi, koma muli sitolo, telala, ndi ometa tsitsi. Aliyense ali ndi chitseko ndi kiyi wake, ndipo telala sadziwa za m'kabati ya wometa. Bleidi iliyonse ndi nyumba yotero. Tigawa zipinda: ichi cha detabesi, ichi cha labu, ichi cha makalata a ofesi. Kusiyana kwake n'kwakuti nyumba ikayamba kudontha, chipinda timachinyamula n'kukachiika m'nyumba ina, telala akusokabe."

Ndinaganiza kuti pomalizapo wawonjezera mchere. Koma patapita miyezi, kagetsi ka bleidi ina kanasintha kuchoka pa kobiriwira n'kukhala kachikasu. Mayi Halima anandiuza kuti ndiimbire Mayi Nachisale, nesi wamkulu wa kachipatala kathu ka kumbali ya Chezi, ndizingocheza nawo. Ndili pa foni, iye anasamutsa chipinda cha detabesi kupita pa bleidi yoyandikana nayo, kenako anasolola yodwalayo n'kuiika pa tebulo. Ndinafunsa Mayi Nachisale ngati kompyuta yawo yaima.

"Yaima bwanji? Ndikulembetsa wodwala pano. Kodi mwandiimbira kuti mundichedwetse?"

Ndinakhala pansi, n'kuyang'ana chitsulo chili pa tebulocho. Ine amene ndinkakwera mapiri tsiku lonse chifukwa cha kompyuta imodzi yakufa, ndinaona nthenda yomweyo ikuchizidwa munthu atakhala pa mpando. Mipata ina ya chikabati inali yopanda kanthu, ndipo Mayi Halima ankati imeneyo ndi ya mawa. Zinachitikadi. Zipatala zina za ku Ntchisi zitalowa m'gulu lathu, tinangogula mableidi ena n'kuwakankhira m'mipatamo, osagula chikabati china, osakoka waya watsopano. Bleidi yachiwiri anandisiyira kuti ndilowetse ndekha, iye ataima kumbuyo manja ali m'thumba. Anali ndi khalidwe limenelo: chilichonse chimene ankadziwa ankafuna kuti wina achidziwenso. Ankati injiniya amene sangapite ku tchuthi ndiye kuti ntchito yake sanaimalize.

Phindu lake tinaliona msanga. Wodwala wa ku Chisepo akafika ku Malomo, nesi ankangolemba dzina, mbiri yonse n'kutuluka: mankhwala amene akumwa, zotsatira za magazi, tsiku lobweranso. Panalibenso zofotokoza pamaso pa anthu. Zimenezi zinkachokera m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi yathu, ndipo sindibisa, ndinkanyada nako. Alendo akabwera ndinkawavulitsa nsapato pakhomo.

Dowa, zaka za kuthimathima kwa magetsi

Buledi anali ndi vuto limodzi: ankadya magetsi kwambiri ndipo ankatentha ngati ng'anjo ya njerwa. Popanda makina oziziritsa chipinda sakanatha kugwira ntchito. Zaka zimene magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, mafutanso n'kumasowa, seva yathu inakhala ndi moyo chifukwa cha a Mbewe. Munthu ameneyu ankapita ku Mponela ndi zigubu kukaima pa mzere wa dizilo, n'kubwera nkhope yotuwa ndi fumbi, koma asanamwe n'komwe madzi ankayamba waona jenereta. Ankachapa masefa a makina oziziritsa ngati akuchapa zovala za khanda. Chitsulo china cha makinawo chitayamba kutha, tinaitanitsa chatsopano kunja, koma miyezi inkangopita. A Mbewe ankachikonza, chiwonongeke, achikonzenso.

Mwezi wina wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, makina oziziritsa anaima. Linali tsiku limene zipatala zambiri zimapereka mankhwala otalikitsa moyo. Seva inayamba kulira mokweza, mafani ake akuthamanga ngati ndege yofuna kunyamuka. Tinatsegula chitseko, tinasonkhanitsa mafani onse a m'maofesi, a Mbewe anakwera padenga kukalimbana ndi makinawo. Mayi Halima anazimitsa zipinda zonse zosakhudza odwala, kuyambira cha makalata a mabwana, kuti mableidi ochepa okha azigwira ntchito. Zinathandiza kwa kanthawi. Koma kutentha kunapitirira, ndipo seva inadzizimitsa yokha kuti isapse. Inachita bwino, chifukwa palibe mbiri ya wodwala imene inatayika. Komabe zipatala zonse zinakhala mumdima mpaka tsiku lotsatira madzulo, pamene tinapeza makina obwereka.

Mayi Nachisale anandiimbira masana a tsiku loyambalo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "A Chimphonda, pakhonde pano padzaza. Ena anyamuka m'mapiri kusanache. Amene ali ndi mabuku awo a kuchipatala ndikuwapatsa. Koma pali ana amene tinawasinthira mankhwala potsatira zotsatira za magazi, ndipo zotsatirazo zili mwa buledi wanuyo. Sindingapereke mongoganizira. Ndiwauze chiyani?"

Pamapeto pake Mayi Nachisale anabweza ena kuti adzabwere tsiku lina. Mayi mmodzi wochokera kutali, amene anabereka mwana wake kumsana ulendo wonse, sanabwerenso. Inali nthawi yokonza minda, ndipo ulendo wachiwiri unamukanika. Alangizi a zaumoyo anakamupeza patapita masabata, mwana atasiya mankhwala n'kudwala kwambiri. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo Mulungu anachita chifundo, anachira.

Dowa, miyezi yotsatira

Akuluakulu a bungwe anafuna kuti zimenezi zisadzachitikenso. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kugula makina oziziritsa atsopano ndi jenereta yaikulu, seva ikhalebe pa Dowa. Yachiwiri, kuisamutsira ku Lilongwe, m'nyumba yomangidwira maseva okhaokha, kumene kuli majenereta olandirana ndi anthu oyang'anira usana ndi usiku. Njira yachiwiriyi inkatanthauza kuti ntchito ya a Mbewe yatha, ndipo ine ndibwerera kuzungulira zipatala ngati kale.

Mayi Halima anandiitanira m'kachipinda ka seva n'kutseka chitseko. "Akufuna maganizo a dipatimenti yathu," anatero. "Ine ndili nawo anga, koma sindikuuzani, chifukwa mungangonditsatira mwaulemu. Inu mwayenda m'mapiri muno nthawi yaitali kuposa ine. Mukanena kuti ikhale, ndikaimenyera kuti ikhale. Mukanena kuti ipite, ndikanena kuti ndi maganizo a tonse, mlandu usakhale wanu nokha."

"Nanga a Mbewe?"

"Ndikudziwa," anayankha, maso ali pa timagetsi tobiriwira. "Chipinda chino ndinachimanga ndine, a Chimphonda. Musaganize kuti kuchiphwasula n'kopepuka kwa ine."

Ndinalimbana nazo masiku ambiri. Amayi anu angakuuzeni mmene ndinkasiyira chakudya m'mbale. Mtima unkati makina atsopano akwanira, a Mbewe ali ndi ana ku sekondale, ndiponso n'chifukwa chiyani chabwino chilichonse chizithera ku tauni? Koma mutu unkandikumbutsa kuti jenereta yaikulu imafunanso dizilo yemweyo wosowayo, ndipo makina atsopano nawonso adzakalamba, chitsulo chake n'kudzachedwanso pa doko. Ndinakwera njinga kupita kwa Mayi Nachisale, n'kuwafunsa ngati zikuwakhudza kumene seva ili.

"Ine sindinaionepo n'komwe," anatero akutsuka m'manja. "Kaya ili pa Dowa, kaya kumwamba, ine ndikufuna ndikalemba dzina la mwana, iyankhe."

Pobwerera ndinali nditasankha. Koma ndinati a Mbewe asamvere pa msonkhano. Lamlungu masana ndinapita kunyumba kwawo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza wailesi ya neba. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, ndipo ndinafotokoza zonse osazungulira. Anamvetsera osasiya kupotokola waya.

"Achimwene, mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandiuza?"

"Kudzakuuzani, a Mbewe."

"Dizilo yense uja ndinasenza, lero mwaona kuti sindikwanira?"

"Pakanapanda inu, seva ija ikanafa kalekale. Koma sitingasiye moyo wa ana m'manja mwa munthu mmodzi ndi zigubu zake. Tsiku limene inu mudzadwale, kudzakhala bwanji?"

Anaika wailesi pansi. "Mwanena. Pitani bwino." Sanandiperekeze ngakhale pa chipata.

Pa msonkhano ndinanena maganizo anga, Mayi Halima anavomereza, akuluakulu anagwirizana nazo. Mayi Halima sanalekere pomwepo. Anakakamira mpaka bungwe linalonjeza kuti liziitana a Mbewe kukasamalira masola a m'zipatala. Inali ntchito ya apo ndi apo, yosafanana ndi yakale, ndipo tonse tinkadziwa. Kuyambira pamenepo a Mbewe ankangondipatsa moni wa pakamwa, maso ali kwina.

Lilongwe, chaka chotsatira

Kusamukako Mayi Halima anakukonza mwaluso, moti chipatala ngakhale chimodzi sichinaime. Poyamba tinapanikiza zipinda zonse pa theka la mableidi, enawo n'kuwatumiza ku Lilongwe kukalowa m'chikabati cha kumeneko. Kenako detabesi inayamba kukopedwa pang'onopang'ono kudzera pa netiweki, mpaka mbali ziwirizo zinafanana. Loweruka lina masana, zipatala zitatseka mawindo a mankhwala, tinauza makompyuta onse kuti azifunsa ku Lilongwe. Mableidi otsala pa Dowa anakhala opanda ntchito, ndipo ndinawazimitsa ndine. Kachipinda kaja kanangoti zii, mpaka ndinamva nkhunda zikuyenda padenga.

Tsiku lonyamula mableidi otsalawo, a Mbewe anafika osaitanidwa, atasenza matiresi awiri a kunyumba kwawo. Anakulunga bleidi iliyonse okha, osalola munthu kuthandiza, n'kukana kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo kwa galimoto, dzanja lili pa katundu, ndipo pa bampu iliyonse ankamenya denga kuti dalaivala achepetse liwiro.

Nyumba ya ku Lilongwe inatidabwitsa tonse. Pakhomo anatilemba ngati alendo. Mkati munali mozizira ngati m'mawa wa Juni pa phiri la Ntchisi, makabati ataima m'mizere, pansi popanda ngakhale kafumbi. Ine ndi Mayi Halima tinalowetsa mableidi m'mipata, timagetsi n'kuyaka kamodzikamodzi. A Mbewe sanayang'aneko. Anapempha mlonda kuti awaonetse majenereta, ndipo anakhalako nthawi yaitali, manja kumbuyo, akufunsa mafunso.

Pobwerera Mayi Halima anatsala mu tauni, ndipo ine ndi a Mbewe tinakhala kutsogolo ndi dalaivala. Tinayenda mpaka pa Lumbadzi. Pamenepo a Mbewe anaimitsa galimoto, anatsika, n'kubwera ndi chimanga chowotcha. Anachithyola pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu.

"Majenereta aja ndawaona," anatero. "Ina ikatsokomola, inzake yadzuka kale. Matanki a dizilo ndi aakulu kuposa nyumba yanga. Zimene zija ine sindikanazikwanitsa, ngakhale mukanandipatsa manja anayi." Anatafuna pang'ono, akuyang'ana msewu. "Munanena zoona, achimwene. Koma musaganize kuti ndakukhululukirani lero. Mwina chaka chamawa."

"Ndidikira," ndinatero.

Ndinabwereradi ku njinga yanga, ndipo ndinamaliza zaka zanga za ntchito ndikuzungulira zipatala, kusamalira mawaya ndi kuphunzitsa manesi atsopano. Mayi Halima anakwezedwa patsogolo pake n'kupita kukayang'anira ntchito yonga yomweyi m'zigawo zina, atasiya anthu odziwa kuyendetsa seva popanda iye. Mpaka ndinapuma, sindinalandirenso foni ya nesi wosowa chowauza odwala pakhonde.

A Mbewe anasunga mawu awo. Chaka chonse chinatha asanaponde pakhomo pathu. Chotsatiracho, anthu atangokolola, ndinamva "Odi!" panja. Nditatuluka ndinawapeza ataima ndi njinga yawo yakapalasa, tambala wamkulu wofiira atamangidwa pa kaliyala.

"Chaka chija chakwana," anatero. "Auzeni amayi atenthetse madzi."